Ndikufuna kudzakhala pulofesa wofufuza za mankhwala ndi ubongo: ndiyambire pati?

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsikana wa zaka 26. Ndinamaliza digiri ya famase zaka ziwiri zapitazo ndipo ndikugwira ntchito pachipatala china cha boma. Mlongo wanga wamng'ono ali ndi khunyu. Wakhala akumwa phenobarbitone kuyambira ali sitandade 4. Kugwa kunachepa, koma amangokhalira kuodzera m'kalasi. Chifukwa cha iyeyu ndimalakalaka nditadzakhala pulofesa wofufuza mmene mankhwala amagwirira ntchito mu ubongo. Koma kunyumba akuti ndisiye maloto, nditsegule famase yanga m'tauni ndiyambe kuthandiza abale. Mnzanga wina akuti za ubongo n'za madokotala okhaokha, ndiponso kuno kulibe makina ake. Kodi n'zotheka? Zimatenga zaka zingati? Nanga munthu amadya?"

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Simunachedwe, ndipo digiri yanuyo ndi khomo labwino lolowera. Ndaphunzitsa pharmacology, sayansi ya mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, zaka zoposa 20, ndipo mwa ophunzira anga, amene afika patali nthawi zambiri ndi aja anali ndi funso limodzi lowasowetsa tulo. Inu muli nalo kale: mwana amene akuodzera m'kalasiyo.

Za mnzanuyo tithane nazo msanga. Julius Axelrod wa ku New York anafunsira malo m'masukulu angapo a udokotala, konse anamukana. Anagwira ntchito ya m'labotale zaka zambirimbiri, akuyeza mavitamini m'zakudya. Mu 1948 iye ndi Bernard Brodie anasonyeza kuti acetanilide, mankhwala akale ochepetsa ululu, akalowa m'thupi amasanduka paracetamol, ndipo wothetsa ululuyo ndi paracetamol ameneyo. Mbiri ya Panado amene mumawerengera anthu pawindo tsiku ndi tsiku imadutsa pamenepo. PhD anaipeza mu 1955 atapitirira zaka 40, ndipo mu 1970 analandira mphoto ya Nobel atafotokoza mmene minyewa imabwezera m'kati noradrenaline, timadzi totumizira uthenga, amene yatulutsa. Amitriptyline, mankhwala a matenda okhumudwa ali pashelefu yanuyo, amagwira ntchito potseka njira yobwezerayo. Brodie nayenso sanali dokotala, anali katswiri wa kemisitiri.

Koma munthu amene ndimakonda kuuza ophunzira anga mbiri yake ndi Arvid Carlsson wa ku Sweden, chifukwa moyo wake ukuonetsa ntchito imene mukuifunayi momwe ilili, zokoma ndi zowawa zomwe.

Anabadwa mu 1923, anayamba za udokotala ku yunivesite ya Lund mu 1941, ndipo digiri yake ya kafukufuku anaimaliza mu 1951. Sinali ya ubongo n'komwe. Ankafufuza mmene calcium amayendera m'thupi ndi m'mafupa. Atafunsira udindo wokwererapo, akuluakulu oona mapepala a ofunsira anamuuza kuti nkhani ya calcium ili m'mphepete mwa pharmacology, ndipo udindowo sanaupeze. Ena akanangokwiya n'kumadandaula pa mowa. Iye anafunafuna kopita kukaphunzira zina, ndipo mu 1955 anakafika ku labotale ya Brodie yemwe uja ku Bethesda, ku America. Anakhalako miyezi isanu yokha.

Nthawi imeneyo anthu a kumeneko anali kalikiliki ndi reserpine, mankhwala ochokera ku mizu ya chomera cha ku India chotchedwa Rauwolfia serpentina, chimene asing'anga a kumeneko ankapatsa anthu a misala kuyambira kalekale. Mtengo wathu wa mwimbi umene umamera m'mbali mwa mitsinje ndi wa mtundu womwewo. Reserpine ankatsitsa BP komanso ankafooketsa odwala olusa, koma chifukwa chake palibe ankachidziwa. Gulu la Brodie linali litangopeza kuti amakokolola serotonin, timadzi tina totumizira uthenga, mu ubongo. Anatha kuona zimenezi chifukwa anali ndi makina atsopano otha kuyeza tinthu tochepetsetsa poona kuwala kumene timatulutsa. Carlsson anaphunzira kuwagwiritsa ntchito, ndipo atabwerera ku Lund anaitanitsa akeake.

Tsono taganizani akalulu ali pathebulo la labotale. Awabaya reserpine, ali phee, makutu ali lende, maso otsinzina mwatheka, ukawakankha sasuntha. Brodie ankakhulupirira kuti vuto ndi serotonin. Carlsson ndi anzake Margit Lindqvist ndi Tor Magnusson anapatsa nyama zina chinthu chimene thupi limapangira serotonin, koma sizinadzuke. Zina anazipatsa DOPA, chinthu chimene thupi limapangira noradrenaline. Pasanathe theka la ola akalulu aja anangoti dzambatu, makutu ali njo, n'kuyamba kuyendayenda. Analemba zimenezi m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1957, kalata yaifupi imene mungaiwerenge tiyi asanazizire.

Pamene ndimapakonda ndi apa. Iwo ankayembekeza kuti akatsegula ubongo wa akalulu odzukawo apeza noradrenaline atabwerera. Atayeza, anapeza kuti sanabwerere kwenikweni. Yankho limene ankalifuna linakana. M'malo mobisa, anafunsa kuti nanga chadzutsa akaluluwa n'chiyani, ndipo anapanga njira yatsopano yoyezera dopamine, chinthu chimene aliyense ankachiyesa podutsira chabe popanga noradrenaline. Mu 1958 anasonyeza kuti dopamine ali mu ubongo mwa iye yekha, kuti reserpine amamukokolola, ndipo DOPA amamubwezeretsa. Chaka chotsatira ophunzira ake awiri, Åke Bertler ndi Evald Rosengren, anapeza kuti wambiri amakhala m'chigawo cha m'kati mwa ubongo chimene chimayendetsa kasunthidwe ka thupi. Carlsson analumikiza: kalulu wouma thupi uja akufanana ndi munthu wodwala Parkinson, wonjenjemera manja, woyenda mokoka mapazi.

Mwina mungafunse, bwanji osangobaya dopamine yemweyo? Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ngati mpanda wothinana, silola chilichonse kudutsa. Dopamine amatsala kunja. DOPA amafanana ndi tizakudya timene ubongo umalandira, ndiye amamulowetsa pageti, akalowa n'kusanduka dopamine. Mpanda umenewu muukumbukire, chifukwa ntchito yathu yambiri imakhala yolimbana nawo.

Mu 1959, ali ndi zaka 36, anakhala pulofesa wa pharmacology ku Gothenburg. Mukanaganiza kuti basi zatheka. Chaka chotsatira anapita ku msonkhano ku London kumene kunali akuluakulu enieni a ntchitoyi: Henry Dale, amene analandira Nobel mu 1936, John Gaddum ndi Marthe Vogt. Sanakhutire naye. Ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti m'kati mwa ubongo uthenga umayenda ngati magetsi basi, osati kudzera m'timadzi todumpha kampata ka pakati pa selo ndi selo. Anabwerako wokhumudwa, koma anayankha ndi ntchito: mnzake Nils-Åke Hillarp pamodzi ndi Bengt Falck anapanga njira yoti maselo okhala ndi timadzi timeneti aziwala pa maikulosikopu, ndipo pofika cha m'ma 1960 momwemo mkangano unatha, chifukwa anthu anadzionera ndi maso. Ku Vienna, Oleh Hornykiewicz anayeza ubongo wa anthu omwalira ndi Parkinson mu 1960 n'kupeza dopamine ataperewera kwambiri. Mu 1961 iye ndi Walther Birkmayer anabaya odwala L-dopa, mtundu wa DOPA uja, anthu ogona pabedi n'kudzuka. George Cotzias ku New York mu 1967 ndi amene anapeza kamwedwe kake koyenera, kokweza mlingo pang'onopang'ono. Kuchokera pa kalulu kufika pa piritsi panatenga zaka khumi ndi manja a anthu a m'mayiko angapo.

Mu 1963 Carlsson ndi Lindqvist anatulukira chinanso chimene inu mumachiona mwezi uliwonse. Anasonyeza kuti chlorpromazine (CPZ) ndi haloperidol, mankhwala a misala, amatseka malo amene dopamine amatera. N'chifukwa chake wodwala amene wayamba CPZ kapena walandira jakisoni wa Modecate amabwera khosi litauma, lilime likulemera, manja akunjenjemera, inu n'kumupatsa Artane wochepetsa zimenezi. Mankhwala amupangira Parkinson wa kanthawi. Abale amaganiza kuti matenda akula kapena amulodzanso, ndipo ambiri amasiyira pomwepo kumwa mankhwala.

Si zonse zinamuyendera. Anathandiza kampani ya Astra kupanga zimelidine, mankhwala oyamba kugulitsidwa a gulu limene fluoxetine (Prozac), wa matenda okhumudwa, alimo. Anatuluka mu 1982. Mu 1983 anawachotsa pamsika chifukwa odwala ochepa anagwidwa ndi Guillain-Barré, matenda ofoola minyewa mpaka ziwalo kufa. Ntchito ya zaka zoposa khumi inathera pomwepo, ndipo amene anakolola anali a Prozac zaka zochepa pambuyo pake. Nobel inamupeza mu 2000 ali ndi zaka 77, patatha zaka 43 chidzukireni akalulu aja. Hornykiewicz anamusiya kunja, ndipo asayansi ambirimbiri analemba kalata yodandaula. Carlsson anamwalira mu 2018 akufufuzabe.

Ndakamba motalika chonchi kuti muone chimene chinasintha moyo wake. Anapita kwina miyezi isanu, anaphunzira kuyeza chinthu chimodzi bwinobwino, anabwera nacho kwawo, n'kufunsa funso laling'ono loti kalulu akhoza kuliyankha. Upulofesa unachita kumutsatira. Ophunzira ambiri amandifikira ndi mawu akuti akufuna kumvetsa ubongo, kapena kupeza mankhwala ochiritsa misala. Pamenepo ndimawafunsa kuti Lolemba m'mawa adzayeza chiyani, mwa ndani, ndi chipangizo chanji. Ambiri amangoti kukamwa yasa.

Makwerero ake ndi odziwika. Mumayamba ndi masters, chaka chimodzi ku Britain kapena ziwiri ku South Africa. Kenako PhD, imene papepala ndi zaka zitatu kapena zinayi koma kawirikawiri imapitirira. Ambiri amawonjezera zaka ziwiri kapena zitatu akugwira m'labotale ya munthu wina asanayambe gulu lawolawo. Pa yunivesite mumakwera kuchoka pa lecturer, senior lecturer, associate professor, mpaka pulofesa, ndipo okwezawo amawerenga mapepala amene mwasindikiza, ndalama za kafukufuku zimene mwabweretsa, ndi ophunzira a masters ndi PhD amene mwawatulutsa. Malinga ndi amene ndawaona ine, kuchokera pamene mulipa muwerengere zaka 15 mpaka 20 zinthu zikayenda. Ndipo ndikuuzeni chimene palibe anandiuza: pulofesa sakhalitsa m'labotale. Nthawi yake imathera polemba makalata opempha ndalama, kuchonga mayeso ndi kukhala m'misonkhano. Zaka zokoma kwambiri, zogwira ndi manja, ndi za PhD zomwe anthu amaziopazo.

Tsopano za makina. Mnzanuyo sananame kwenikweni: ngati mukufuna kulowetsa timawaya mu selo limodzi la ubongo wa khoswe, muyenera kupita kunja, mwina ku Neuroscience Institute ya yunivesite ya Cape Town kapena kutsidya kwa nyanja. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafunso ena a mankhwala ndi ubongo ayankhidwa konkuno, ndipo a ku Sweden sakanawayankha. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor anapanga Blantyre Coma Score mu 1989, muyeso wa kukomoka kwa ana umene ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Makina a MRI atabwera mu 2008, gulu la a Taylor ndi a Karl Seydel linaunika ana 168 odwala malungo a mu ubongo ndipo linalengeza mu 2015 kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. A Gretchen Birbeck anatsatira ana opulumuka n'kusonyeza kuti ena amadzayamba khunyu pambuyo pake. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anasonyeza mu 2022 kuti mlingo umodzi waukulu wa liposomal amphotericin, pamodzi ndi mapiritsi, ukuchiza cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi, mofanana ndi madiripi a sabata yathunthu, ndipo bungwe la WHO linasintha malangizo ake chaka chomwecho.

Nanga ma ARV aja a 5A mukuwakumbukira? Anthu ankadandaula chizungulire, maloto oopsa, kumva ngati aledzera, ena mpaka kusokonekera mutu. Anali efavirenz, amodzi mwa mankhwala a m'piritsilo. Chiwindi chimamuphwanya ndi enzyme yotchedwa CYP2B6, ndipo mwa anthu a mbali ino ya Africa ambiri ali ndi mtundu wake wochedwa kugwira ntchito, moti mlingo wa 600 mg umene unayesedwa kwambiri pa azungu unkaunjikana m'magazi mpaka kuvutitsa ubongo. A Collen Masimirembwa ku Harare ndi mmodzi mwa amene anaigwira nkhani imeneyi. Ife tinasamukira ku dolutegravir mu 2019, koma phunziro lake lidakalipo pa mankhwala ena onse amene timamwa pa milingo yoyesedwa pa matupi a anthu ena.

Ndiye tabwerani pa phenobarbitone wa mlongo wanuyo. Anayamba kuchizira khunyu mu 1912, ndipo tikumudalirabe chifukwa ndi wotchipa, amamwedwa kamodzi patsiku, ndipo amagwiradi ntchito. Koma amafulumizitsa chiwindi, moti mankhwala ena amaphwanyidwa msanga. Mayi wa khunyu amene waika kulera kwa pamkono akhoza kutenga mimba kachipangizo kali pomwepo. Wa ma ARV dolutegravir wake akhoza kutsika m'magazi. Carbamazepine, mankhwala enanso a khunyu, nayenso amachita chimodzimodzi. Pachipatala chanu pali odwala angati amene akumwa ziwirizi pamodzi? Ndi ana angati a phenobarbitone amene abwereza kalasi? Mankhwala akatha ku famase mwezi wathunthu, ndi angati amabwera atapsa pamoto? Mafunso amenewa safuna MRI. Akufuna rejisitala, timabuku ta kuchipatala, ndi munthu wodekha wodziwa kuwerenga. Musayambe kutola chilichonse musanalandire chilolezo cha mkulu wa chipatala ndi cha komiti yoona za kafukufuku, COMREC ya ku KUHeS kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Popanda chimenecho palibe magazini ya sayansi imene ingalandire ntchito yanu, ndipo mukhoza kudziika m'mavuto.

Pepala limodzi lotere, ngakhale laling'ono, limalemera kwambiri pofunsira maphunziro kuposa kalata ya masamba atatu yonena kuti mumakonda sayansi. Yang'anani Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Commonwealth ndi DAAD ya ku Germany. IBRO, bungwe la padziko lonse la ofufuza za ubongo, imachititsa masukulu aafupi a za ubongo m'mayiko a mu Africa, ndipo SONA, bungwe la ofufuza za ubongo a mu Africa, limasonkhana zaka ziwiri zilizonse. Mapologalamu ngati Malawi-Liverpool-Wellcome amalemba anthu a famase m'makafukufuku awo, ndipo ambiri alowera khomo limenelo. Adzakukanani kangapo. Ine anandikana katatu ndisanapeze malo.

Posankha wokuyang'anirani pa PhD, musathamangire dzina lotchuka. Funsani ophunzira ake akale, mwamseri, ngati amayankha makalata ndiponso ngati anamaliza pa nthawi yake. Nkhani ya mayina a papepala mukambirane ntchito isanayambe, ndipo ilembedwe. Candace Pert anali wophunzira pamene iye ndi Solomon Snyder anapeza malo amene morphine amatera mu ubongo mu 1973, ku Johns Hopkins. Mphoto ya Lasker itabwera mu 1978, dzina lake panalibe. Kwa ife kuno zimachitika mwanjira ina: utolere magazi a odwala chaka chathunthu, apite kunja, pepala lituluke iwe uli pakati pa mayina khumi ndi awiri, kapena pansi penipeni pongokuthokoza.

Zovuta zina ndi za kwathu konkuno. Chaka changa chachiwiri cha PhD ndinali ndi timabotolo ta magazi ta miyezi isanu ndi iwiri mufiriji yozizira kwambiri ija. Magetsi anazima Lachisanu madzulo, jenereta inalibe dizilo, ndipo palibe anandiimbira. Lolemba ndinatsegula chitseko, madzi ali chuchuchu pansi, malebulo akuyandama m'kabokosi. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, munthu wamkulu. Chiyambire tsiku limenelo chilichonse ndimachigawa pawiri n'kusunga m'nyumba ziwiri zosiyana, ndipo nambala ya mlonda ndimakhala nayo m'foni. Walira mvula walira matope.

Makolo anu musawaone ngati adani a maloto anu. Akunena zoona kuti famase ya m'tauni ikayenda imabweretsa ndalama msanga kuposa malipiro a lecturer, ndipo pa zaka za maphunziro mudzakhala mukudya ndalama yongokwanira inu nokha. Munthu amadya, koma nyumba ya malata kumudzi imachedwa. Khalani nawo pansi muwauze zaka zake mosabisa, ndi zimene mudzakwanitse kutumiza ndi zimene simudzakwanitsa. Layisensi yanu ya ku PMRA, bungwe loyang'anira za famase, musaisiye kuti ithe. Maganyu a m'famase a Loweruka apulumutsa anzanga ambiri. Ndipo ngati pakati pa ulendowu mudzaone kuti tulo tasowa masabata angapo, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzivulaza, kaonaneni ndi a zaumoyo wa maganizo tsiku lomwelo. Ndaona ophunzira odziwa mlingo wa fluoxetine pamtima akuchita manyazi kukapempha thandizo.

Za mlongo wanu, inu mukudziwa, koma ndilembe chifukwa cha ena owerenga. Asasiye phenobarbitone mwadzidzidzi ngakhale akuodzera chotani, chifukwa kugwa kumabwerera mwamphamvu ndipo kukhoza kupha. Inunso musamusinthire mlingo nokha poti makiyi a famase muli nawo. Mupite naye ku kiliniki ya khunyu, mutatenga kope lolembamo masiku amene wagwa, nthawi imene amamwa mankhwala, kulemera kwake, ndi malipoti a kusukulu. Funsani ngati akumwa usiku, ngati mlingo ukugwirizana ndi thupi lake lero, ndiponso ngati angasinthidwe pang'onopang'ono kupita ku mankhwala ena. Nthawi zina kuodzerako si mankhwala, ndi kugwa kwa usiku kumene palibe akukuona, choncho wogona naye chipinda chimodzi afunsidwe. Akagwa kupitirira mphindi zisanu, akagwa kawiri osatsitsimuka pakati, kapena akatuluka zilonda pakhungu ndi m'kamwa, thamangirani kuchipatala. Pogwapo mumugoneke chammbali, kutali ndi moto ndi madzi, ndipo musamuike supuni m'kamwa.

Chilolezo chija chikatuluka ndipo mukawerenga timabuku ta odwala khunyu okwana 100, mundilemberenso. Ndikufuna kudziwa kuti mwa amayi amene ali pa phenobarbitone, ndi angati ali ndi kulera kwa pamkono, ndipo mwa amenewo ndi angati anauzidwapo.